Thandizeni abale, zithunzi zaulere za pa webusayiti ndizipeza kuti?

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde musafufute, mutu waima. Ndili ku Monkey Bay. Mwana wa achemwali anga anandiyambira webusayiti, ndinamulipira zonse mpaka ya thiransipoti, lero ali ku Lilongwe ndipo foni sakuyankha. Mayi ake akuti ndisamuvutitse ali pa sukulu, chonsecho pa Facebook ndimamuona tsiku ndi tsiku. Laputopu ndabwereka kwa alamu, batire silisunga moto, magetsi akangothima ntchito yathera pomwepo. Tsambalo kumbuyo kwa zolemba kuli mbee. Ndikufuna chithunzi cha nyanja choika pa background. Ndimati nditenge pa Google koma mnzanga wandiopseza kuti eni ake angandisumire. Ndi zoona? Zaulere zimapezeka kuti? Ndalama ndilibe, ndaneneratu.

Che Namiasi: Pepani amayi. Ana a masiku ano ukawalipiriratu wadziphetsa. Wanga anathawa ndi ndalama ya malata.

Mtsikana wa IT: Webusayitiyo ndi ya chiyani mayi? Ya bizinesi kapena ya bungwe lothandiza anthu? Yankhani zimenezi kaye, chifukwa zithunzi zina amaloleza ulere pokhapokha ngati simukupangira ndalama.

Wojambula wa pa Boma: MUKUKHALA PA NYANJA KOMA MUKUFUNA CHITHUNZI CHA NYANJA PA INTANETI?? Amalawi tinalodzedwa ndani? Azungu amakwera ndege kudzajambula dzuwa likulowa ku Cape Maclear, inu muli pomwepo mukufuna zaulere. Kamera timagula ndi ndalama ife. Ulere womwewu ndi umene ukutipha ojambula.

Dalaivala wa Sienta: Ingotengani pa Google amayi, akuonani ndani? Mzungu wa ku Germany angabwere mpaka ku Monkey Bay kamba ka chithunzi chimodzi? Akabwera ndimunyamula ine.

Wojambula wa pa Boma: Iwe dalaivala, Google SI MWINI wa zithunzi, imangokuonetsa pomwe zili. Chithunzi ndi cha amene anajambula. Kuno kwathu kuli lamulo la Copyright la 2016, kulinso COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Ndipo mwini sachita kubwera, amangolembera kampani yomwe ikusunga webusayiti yako, tsamba nkutsekedwa. Ine changa cha mabwato a ku Makawa anachitenga a loji ina osandipempha, anachita kudula pomwe panali dzina langa. Nditawapeza akuti "tinachipeza pa Google". Mpaka lero mtima umandiwawa.

Mphunzitsi wopuma: Achimwene, nkhani yanu ndi yomveka koma chepetsani ukali. Mayiwa afunsa chifukwa sakufuna kuba. Mayi, pitani pa Unsplash, Pexels kapena Pixabay. Zithunzi za kumeneko amaloleza kugwiritsa ntchito ulere, ngakhale pa bizinesi, ndipo sakakamiza kutchula wojambula, ngakhale kumutchula ndi ulemu. Chenjerani kokha ndi zina zomwe amazisakaniza momwemo, zolembedwa iStock kapena Unsplash+. Zimenezo ndi zogula.

Mayi a Mapasa: Ine ndinafufuzapo "lake" pa Pexels, zinabwera nyanja za mapiri a chipale chofewa. Mlendo adzafika nkufunsa kuti mapiri aja ali kuti.

Wojambula wa pa Boma: NDI ZIMENE NDIKUNENAZO! Muika nyanja ya ku Switzerland pa tsamba la ku Mangochi? Chilumba cha Thumbi mulibe? Domwe mulibe? Nkhwazi, mbuna, asodzi akukoka khoka m'mamawa? Malo amenewa a UNESCO anawalemba m'kaundula wawo mu 1984, ife eni ake tili kalikiliki kufuna za ena.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A wojambula musandikalipire, foni yanga kamera inasweka mdzukulu ataigwetsa. Ndipo alamu akufuna laputopu yawo Loweruka, akuti ndikuwathera charger.

Mtsikana wa IT: Mayi simunandiyankhebe. Koma ngati mukufuna nyanja yathu yeniyeni, lembani "Lake Malawi" kapena "Cape Maclear" pa Wikimedia Commons, zilipo ndithu. Pansi pa chithunzi chilichonse pamalembedwa laisensi. CC0 mutenga popanda chokuvutani. CC BY ndi CC BY-SA muyenera kulemba dzina la wojambula ndi laisensiyo penapake pa tsamba lanu. Pa Flickr ndi Openverse mupezanso zolembedwa NC, zimenezo saloleza pa malonda. Ndi chifukwa chake ndikufunsa kuti tsambalo ndi la chiyani.

Mnyamata wa Kabaza: Bwanji osangouza AI ikujambulireni? Sekondi zochepa zatheka.

Wojambula wa pa Boma: AI idziwa bwanji bwato la kwathu? Ikupatsani msodzi wa zala zisanu ndi ziwiri. Ana inu mwaonongeka.

Mnyamata wa Kabaza: Madala, mwalemba kanayi konse koma mayiwa simunawapatse chithunzi olo chimodzi.

Che Namiasi: Za mwana uja musazisiye amayi. Itanani ankolo ake akambirane, ndalama si masamba.

Wa Airtel Money pa Depoti: Ine dandaulo langa ndi bandulo. Anthu mumaika chithunzi cha 8 MB pa background, ife otsegula ndi foni netiweki ya ku Malembo tidikire mpaka liti? Ndimangotseka. Chichepetseni kaye pa TinyPNG kapena Squoosh, ndi zaulere. Mulifupi mapikiselo 1920 akwana, kulemera kusapitirire 300 KB.

Mphunzitsi wopuma: Zoona. Musankhenso chithunzi chodekha, madzi ndi thambo basi, kuti zolemba zioneke. Cha msika wa usipa chodzaza anthu mawu amasowa. Komanso nkhope za anthu, makamaka ana, musaike osawapempha, ngakhale chithunzicho chikhale chaulere.

Wojambula wa pa Boma: Apa pokha aphunzitsi mwanena zoona. Ena amajambula amayi akuchapa pa gombe nkumaika pa intaneti ngati zokongoletsa. Ndi amayi a anthu amenewo! Chabwino, iwe wa kabaza wandinyoza, ndipereka chimodzi cha dzuwa likutuluka pa mlatho wa Bakili Muluzi. KOMA DZINA LANGA LIKHALEPO.

Mayi a Mapasa: Mlatho ndi mtsinje wa Shire umenewo bambo, mayiwa akufuna nyanja.

Wojambula wa pa Boma: Za nyanja ndi zogulitsa.

Mtsikana wa IT: A wojambula, mukamawatumizira pa WhatsApp mutumize ngati document, apo ayi chifika chosaoneka bwino pa laputopu. Ndipo mayi, musunge uthenga womwe akulolezaniwo. Nanga tsambalo ndi la bizinesi kapena ayi?