Gulu la kwa Anganga: za mtsikana wathu wopita ku Malosa

Amalume (Matawale): Mwadzuka bwanji nonse. Kalata ija yafika, mtsikana wathu amutenga ku St Luke's, ku Malosa, akaphunzire unamwino ndi uzamba. Kukondwa ndakondwa, koma mtima sunakhazikike. Sukuluyo ndi ya Anglican, ife ndife a CCAP. Sakamutembenuza mwanayu?

Mayi aang'ono (Liwonde): Achimwene, nkhawa imeneyo ichotseni. Ine si ndinaphunzira komweko zaka 3? Ndinabwerako ndidakali wa CCAP, mpaka lero ndimavala yunifolomu ya Mvano. M'kalasi mwathu munali Akatolika, munalinso Asilamu aku Machinga, tinkadyera mbale imodzi. Mapemphero analipo, inde, koma chimene ndinatengako n'china. Chipatala chili pompo, ukatuluka m'kalasi walowa m'wodi. Tsiku loyamba ndinathamangira kuyeza gogo wina BP osamupatsa moni. Sisitala anandigwira dzanja mwakachetechete, amvekere, "Bwerera, uyambe wawafunsa agona bwanji." Mpaka pano sindikhudza wodwala ndisanamulonjere. Mutandibweza utsikana ndingapitenso komweko.

Achemwali aakulu (Blantyre): Nanga pepala lake ndi lodziwika? Tisataye ndalama.

Mayi aang'ono (Liwonde): Sukuluyo ili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo akamaliza amalemba mayeso a Nurses and Midwives Council monga wina aliyense. Anzanga ena ali pa chipatala cha Zomba Central pompa.

Msuweni (Lilongwe): Ine ndinaphunzira pa koleji ina ya mpingo, sinditchula. Maphunziro ndilibe nawo dandaulo, aphunzitsi ankatidziwa mayina tonse. Koma fizi ikachedwa sankamva za m'bale mwa Ambuye, ndinakhalapo panja sabata ya mayeso. Ndiye tisalonjeze pakamwa pokha chonde.

Amalume (Matawale): Wanena zoona mphwanga. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndiika K150,000 mwezi uno.

Achemwali aakulu (Blantyre): Ine K100,000, pa Mpamba. Nsapato ndi wotchi yapachifuwa ija ndigula kuno ku Limbe.

Msuweni (Lilongwe): K60,000 pa 28 ndikalandira. Ndani akusunga?

Mayi ake mwana (Chinamwali): Asunge mayi aang'ono, ndi amene akudziwa njira zake. Abale anga, ndikulemba misozi ili m'maso. Chimwalirireni bambo ake sindinkadziwa kuti tifika pano. Bulangete, ndowa ndi chikwama ndapeza kale, ndagulitsa matumba awiri a nandolo.

Amalume (Matawale): Usalire mlongo wanga. Loweruka 2 koloko tikumane kwa anganga, akufuna amudalitse asananyamuke. Galimoto ndipereka ine, Malosa si patali.

Mayi aang'ono (Liwonde): Ndidzakudikirani pa siteji ya Malosa. Mumuuze atenge juzi, m'munsi mwa phiri muja kumazizira m'mamawa.

Mayi ake mwana (Chinamwali): Anganga akuti nkhuku agwira kale, musachedwe.