Zomwe ndapeza pa nkhani ya nimu ndi alginate ija

Moni nonse, ndabwera kudzatseka nkhani ndinafunsa ija, yoti kodi madzi a masamba a nimu kapena viniga angaphe majeremusi pa impression ya alginate (chikombole cha mkamwa chomwe timadinda ndi phala lotchedwa alginate) osaiwononga tikamapanga mano oikirira, poti kuno ku Nsanje mankhwala enieniwo amavuta kupeza. Zikomo kwambiri nonse munayankha, makamaka achimwene a ku labu aja amene anati ndiyesere kaye pa model (nsagwada yongopanga) osati pa wodwala, ndinatsata zomwezo.

Impression ya mu nimu nditaiviika inafufuma pang'ono, mukudziwa alginate amamwa madzi, ndiye plate yoyesera (pokhala mano oikirira) sinakhale bwino, imagwedera chakumbuyo. Ya viniga ndiye ayi ndithu, pulasitala yomwe timathira mu impression inatuluka yoyoyoka pamwamba, ukadutsitsa chala ufa kumatsalira, timizere ta nkhama osaonekanso bwino. Komanso nimuyo palibe anganditsimikizire kuti akupha hepatitis B, ndiye ndabwerera ku Jik basi. Jik wa 3.5% kapu imodzi mu makapu 6 a madzi amatuluka 0.5%, kutsuka impression pa mpopi, kupopera osati kuviika, kutsekera mu kapulasitiki mphindi 10, kutsukanso n'kuthira pulasitala nthawi yomweyo.

China anzanga a ku Chikwawa ndi ku Bangula, kutentha kwathu kuno makamaka Okutobala alginate amalimba usanafike naye mkamwa, ndiye sakanizani ndi madzi a mu firiji. Mukadinda musamusiyenso patebulo n'kumaona wodwala wina, amauma n'kunyala. Amene muli ndi silicone m'malo mwa alginate muli pabwino, iyo kuviika siivuta, koma mtengo wake eee.