Gulu langa limathamanga tikamaomba m'manja, nditani?

Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa achinyamata kuimba ndi kuvina. Nyimbo timaiyamba bwinobwino, mapazi akugwera pamodzi, koma tikafika pakati liwiro lakwera, pomaliza aliyense ali wefuwefu. Ndikafunsa amene wayambitsa, aliyense amati amangotsatira mnzake. Komanso tikakhala pabwalo lalikulu, akumapeto kwa mzere amatsalira nthawi zonse. Ndi kusamvera kapena pali china?

Mphunzitsi wa nyimbo: Amayi, anawo sakunama ayi. Munthu sadikira kuti amve kaye ng'oma kenako aombe. Ubongo umayerekezeratu pomwe kugunda kotsatira kugwere, dzanja n'kunyamukiratu. Ofufuza anapeza kuti anthu ambiri akamagogoda chala motsatira metronome (kachipangizo kogunda pa liwiro losasintha) amatsogola pang'ono, mwina magawo atatu kapena asanu mwa magawo 100 a sekondi, iwo osadziwa n'komwe. Pagulu zimakulirakulira: wina akaomba msangako, oyandikana naye amakokekera kwa iye, enanso n'kukokekera kwa iwowo. Wolakwa simumupeza. Sankhani mmodzi wokhazikika, onse azitsatira iyeyo basi, ndipo mapazi asaleke kuponda ngakhale pamene manja apuma.

Membala wina: Akumapetowo musawakalipire chonde. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye amene waima mamita 34 kuchokera pa ng'oma amaimva patadutsa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Pa nyimbo yofulumira kumeneko n'kuchedwa ndithu. Ng'oma muziika pakati, kapena aziyang'ana dzanja la woimba ng'omayo m'malo modalira khutu.

Winanso: Thupi limatengera anzake mwini wake asanaganize. Mlatho wa anthu oyenda pansi wa Millennium ku London utatsegulidwa mu June 2000 unayamba kugwedezekera m'mbali, anthu n'kumaponda mogwirizana ndi kugwedezekako kuti asagwe, zomwe zinangouwonjezera. Anautseka patangopita masiku awiri, n'kudzautsegulanso mu 2002.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, za akumapetozo zandikhudza. Nanga aphunzitsi, wotsogolerayo nayenso akatengeka ndi gulu?

Mphunzitsi wa nyimbo: Amatengeka ndithu, nayenso ndi munthu. Pokonzekera muikireni metronome ya pafoni m'khutu limodzi. Mukatero muzijambula nyimboyo, kenako mumvetsere limodzi poyambira ndi pomalizira, anawo amve okha kusiyana kwake.