Mustang ya 1966 ikuphulitsa ku kabureta, chikhalirecho mawaya ndaika motsatira buku

Sipanala13:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa galaja yomwe ndimagwira kuno ku Joni pabwera Ford Mustang ya 1966, chiwongolero kumanzere. Mwini wake waigula itakhala zaka osayenda, moti mawaya a mapulagi amachita kuthetheka ndikawagwira. Ndaika mapulagi ndi mawaya atsopano, kabureta ndatsuka, petulo wakale ndakhetsa. Chilembo chachisanu pa nambala ya chasisi ndi C, kutanthauza injini ya V8 (ya masilinda 8) yotchedwa 289, ndiye mawaya ndaika motsatira ndondomeko yowotchera masilinda ya m'buku la galimotoyi: 1-5-4-2-6-3-7-8. Ikulira koma movutikira, ndipo ndikangoponda moto ikuphulitsa ku kabureta mpaka lawi kuoneka. Lero ndi tsiku lachitatu ndipo abwana ayamba kufunsa.

WaKuNdirande:
Achimwene, masilinda mwawerenga bwanji? Ambiri tinazolowera Chevrolet, yomwe imadumphadumpha, 1-3-5-7 mbali imodzi. Ford satero. Mukakhala pampando, 1 mpaka 4 ali kumanja kuyambira kutsogolo, 5 mpaka 8 kumanzere. Komanso rotor ya mu distributor, yomwe imagawa moto ku mapulagi, imazungulira mobwerera, osati ngati wotchi.

Sipanala13:
Zimenezo ndaona kawiri, akulu. Namba 1 ili pa kompuresheni, rotor yaloza pa waya wake. Moto ukufika pa mapulagi onse, koma anayi akutuluka onyowa ndi petulo.

MadalaV8:
Mwana wanga, anayiwo ndi ati? Ngati ali 3, 4, 5 ndi 7, siyani kaye buku, lowani pansi ndi tochi. Kumanja kwa injini, pamwamba pa sitata, pali nambala yomwe anaumbira pa buloko. Pukutani ndi bulashi ya waya mutiuze. Nambala ya chasisi imangonena injini yomwe inatuluka nayo ku fakitale, ndipo pa zaka pafupifupi 60 galimoto imadutsa m'manja ambiri.

Sipanala13:
Ndi omwewo ndithu, madala! Nambala ikuyamba ndi E7TE.

MadalaV8:
Basi, imeneyo si 289. Kwa Ford chilembo choyamba chimanena zaka: C ndi za m'ma 1960, D za m'ma 1970, E za m'ma 1980. E7 ndi 1987. Muli ndi 302, ija anthu amangoti 5.0.

Ndifotokoze momwe zinafikira apa, chifukwa mudzakumana nazonso. Mustang inaonetsedwa pa 17 April 1964 ku New York, atamangira pa chimango cha Falcon kuti mtengo utsike, ndipo Lee Iacocca ndiye anailimbikira. Chaka choyamba anagulitsa zoposa 400,000. V8 yake inayamba ndi 260, kenako 289, ndipo mu 1968 inakula n'kukhala 302. Zonsezi zimawotcha mwa ndondomeko yomwe mwatsatirayo. Mu 1969 kunabwera 351 Windsor, yomwe anaisinthira ndondomeko kukhala 1-3-7-2-6-5-4-8.

Kenako zinthu zinavuta: malamulo a utsi anakhwima, mafuta anasowa mu 1973, ndipo Mustang II ya 1974 ku America inatuluka yopanda V8 n'komwe. Mphamvu zinayamba kubwerera mu 1982 ndi 5.0 HO (High Output, 302 yamphamvu kwambiri), ndipo kamshafti yake inatenga ndondomeko ya 351 ija. Injini zimenezi zinachuluka, n'zotchipa, ndipo zimalowa pamalo a 289 popanda kudula chitsulo. Munthu akaikapo kabureta ndi zivindikiro zakale za mavalavu, ndi maso simungasiyanitse.

Yerekezani ndondomeko ziwirizo. 1, 2, 6 ndi 8 sizisuntha. 5 amasinthana ndi 3, 4 amasinthana ndi 7. Ndiye injini yanu ikuyendera masilinda anayi, enawo moto ukufika nthawi yolakwika.

AutoLusaka:
Madala anena zoona, koma ndiwonjezepo. Buloko ya E7TE inalowanso m'mapikapu, omwe ena anali ndi ndondomeko yakale. Chomwe chimalamula ndi kamshafti, osati buloko, ndipo mwina wina anaisintha. Musasinthe mawaya mongoganiza. Chotsani mapulagi onse, ikani namba 1 pamwamba pa kompuresheni, ndiye muzungulitse injini ndi sipanala kota imodzi, madigiri 90, mbali yomwe imazungulira. Mnzanu atseke bowo la 3 ndi chala, wina la 5. Mapisitoni awiriwa amakwera limodzi, koma mmodzi yekha ndi amene akankhe chala ndi mpweya. Ameneyo ndiye wotsatira pa 1.

Sipanala13:
Tayesa ndi mnyamata wophunzira ntchito. Chala chake pa 3 chachita kukankhidwa, mpweya kuti fwaa. Pa 5 zii. Ndasintha mawaya anayiwo, yalira kamodzi n'kamodzi, mawu ake okhuthala bwino. Zikomo kwambiri nonse. Koma chatsala chimodzi: ikafika chapakati pa marevu, galasi loonera kumbuyo likunjenjemera mpaka osaona kanthu, ndipo ndodo ya magiya ikugwedezeka m'manja.

MadalaV8:
Musaipereke kaye kwa mwini wake. Injini izi amazilinganiza kulemera kunja, pa flywheel (gudumu lachitsulo lomwe kilatchi imagwirapo) ndi pa damper ya kutsogolo kwa kirankishafti. 289 ndi 302 zakale zimafuna cholemetsa cha 28 oz (maaunsi), koma kuyambira 1981 302 imafuna 50 oz. Amene anasintha injini ayenera kuti anabwezera flywheel ya 289 pofuna kuti kilatchi ndi giyabokosi yakale zigwire. Mabawuti amalowa bwinobwino, n'chifukwa chake ambiri amalakwitsa pamenepa. Ikayenda choncho, mabeyaringi a kirankishafti sachedwa kutha. Ine ndinaonapo injini yabwino itagogoda isanathe miyezi itatu chifukwa cha zimenezi, ndipo zinandiwawa, chifukwa mwini wake anali atasunga ndalama zaka zambiri.

AutoLusaka:
Muzulenso distributor muone giya yake ya pansi. Kuyambira 1985 HO inayamba kukhala ndi kamshafti ya roller, yomwe imafuna giya ya sitilo. Giya ya distributor ya 289 ndi ya cast iron, imadyeka, ndipo tizidutswa take timathera mu oyilo. Paja ndi distributor yomweyo imayendetsa pampu ya oyilo.

WaKuNdirande:
Ndipo mulembe ndondomeko yatsopanoyo pa kapepala, mumate mkati mwa boneti. Makaniko wotsatira adzatsegula buku la 1966 ngati momwe munachitira inu.

Sipanala13:
Distributor ndazula. Mano a giya ayamba kale kusongoka mbali imodzi, ndipo pa maginito ndapeza fumbi la chitsulo mu oyilo yemwe ndakhetsa. Abwana avomera kuti titsitse giyabokosi mawa m'mawa tione flywheel. Mwini galimoto ndamuimbira. Anakhala chete kanthawi atamva kuti injini si yobadwa nayo, chifukwa anagula pa mtengo wa 289 yeniyeni, kenako anati tikonze zonse. Madala, nambala ya pa flywheel ndikaiona ndijambula ndikutumizireni tisanaitanitse ina.