Thandizo: ulaliki wa malemu bambo anga sukumveka bwino, ndiukonze bwanji?

mwana_wachisanu:
Abale ndithandizeni. Ndili ndi odiyo ya ulaliki wa bambo anga amene anatisiya chaka chatha, anali mkulu wa mpingo nde tsiku limenelo abusa anachoka analalika ndi iwowo. Mng'ono wanga anajambula pa foni koma anaiika pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, mphindi 40. Mawu akumveka kutali ngati akulankhulira mu mgolo, tchalitchi chathu ndi chamalata chopanda siling'i, komanso muli kulira kwa masipika kuja kwa mmmm kuyambira poyamba mpaka pothera. Pena mwana akulira pena azimayi akuvomera amen. Ndikufuna ndiukonze ndiwatumizire achemwali anga ku Johannesburg, kumaliro sanafike ndipo mawu a bambo amene tili nawo ndi okhawa basi. Laputopu ndili nayo yakale koma ndalama yogulira mapulogalamu ndilibe.

wa_pamikisa:
Pepani kwambiri achimwene ndi zomwe zinakugwerani. Ine ndimakhala pa mikisa kutchalitchi kwathu nde zimenezi ndimakumana nazo pafupipafupi. Musanapange chilichonse kopani fayiloyo muisunge malo awiri, flash ndi Google Drive, ndipo muzigwira ntchito pa kope osati yeniyeniyo. Komanso funsani mng'ono wanuyo ngati yoyambirira ikadali mu foni, chifukwa ngati yomwe muli nayo yadutsa m'manja ambiri mwina inafinyidwa kale.

Kenako dawunilodani Audacity, pulogalamu yokonzera odiyo, ndi yaulere ndipo pa laputopu yakale imayenda bwinobwino. Yambani ndi mmmm uja. Magetsi athu ndi a 50 Hz nde kulirako kumakhala pa 50 ndi ana ake 100, 150, 200 (pa mawu, nambala ya Hz ikakhala yochepa ndiye kuti mawuwo ndi abesi). Ikani High-Pass Filter pa 80 Hz idule za pansi zonse, musakwere kwambiri chifukwa mawu a munthu wamwamuna amayambira cha pa 85 kupita m'mwamba, mukadula pa 200 bambo anu amveka ngati kamnyamata ka pa wayilesi yakutha batire. Ngati kulira kukadalipo ikani Notch Filter pa 100 kenako pa 150, imodziimodzi uku mukumvetsera.

Noise Reduction ndi pamene anthu ambiri amawonongera. Pezani kamalo ka masekondi awiri kapena atatu pamene bambo akhala chete, mwina potsegula Baibulo, pasakhale wotsokomola kapena benchi kulira, sankhani pamenepo mudine Get Noise Profile, kenako sankhani odiyo yonse mutsegulenso Noise Reduction. Yambani ndi 6 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu), musadutse 12. Mukaonjeza mawu amayamba kumveka ngati munthu akulankhula pansi pa madzi ndipo khutu limatopa msanga kuposa ndi phokoso loyamba lija. Pa EQ, pomwe mumakweza kapena kutsitsa mbali zina za mawu, tsitsani pang'ono cha pa 250 mpaka 400 Hz, mgolo uja umakhala pamenepo, mukweze 2 kapena 3 dB cha pa 3000 Hz kuti zilembo zituluke. Pomaliza Compressor cha pa 3:1 kuti pomwe akunong'ona ndi pomwe akukweza pasasiyane kwambiri, kenako Normalize pa -1 dB. Eko ya malata yokha ndikuuzeni zoona, siitheratu. Foni inali kutali, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri mawu ochokera pakamwa amatsika ndi 6 dB pomwe obwerera kuchokera ku makoma amangokhala chimodzimodzi, nde foniyo inamva chipinda kwambiri kuposa munthu.

chemwali_wa_kuLeeds:
Pepani ndithu. Bwanji osangoyesa ma website aja a AI? Mumangokweza fayilo nkudikira pang'ono imatuluka yoyera ngati ya mu situdiyo, eko yomwe imachoka. Anzanga opanga ma podcast amagwiritsa ntchito zimenezo. Bandulo yokha ikhale yokwanira.

mlakatuli_wakumudzi:
Achemwali akunena zoona kuti zimayeretsa koma achimwene samalani nazo. Ine ndinayesa ina ndi ndakatulo yanga yomwe ndinalakatula mu holo yodzaza anthu, inatuluka yoyera inde koma sinali ine. Zinthu zimenezi sizingochotsa phokoso, pomwe sizinamve bwino zimapeka zokha, ndipo zambiri zinaphunzira pa Chingerezi. Ife kampweya kamodzi kamasintha mawu, pala ndi phala ndi zinthu ziwiri, nde ph, th, kh zija makina amaziona ngati phokoso nkuzimeza. Malo ena inandilankhulitsa mawu omwe m'Chichewa mulibe. Pa podcast zilibe kanthu poti mwini wake alipo ajambulanso, koma awa ndi mawu a malemu, achemwali anu akufuna amve bambo awo mmene amawadziwira ndi kakupuma kawo komwe. Ngati muyese dulani mphindi imodzi yokha, muwamvetsere mayi kapena wina wapabanja osawauza kuti iyi ndi iti. Njira ina ndi kuika ziwirizo pamodzi mu Audacity, ya AI pansi pang'ono yeniyeni pamwamba, bola ziyambire pamodzi ndendende.

Komanso amen uja musachotse chonde. Mwana wolira mutha kumutsitsa ndi Envelope Tool pomwe bambo apuma, koma kuvomera kwa mpingo ndi mbali ya ulalikiwo, amalankhula ndi anthu ndipo anthuwo amawayankha.

mwana_wachisanu:
Zikomo nonse Mulungu akudalitseni. Yoyambirira yapezeka mu foni ya mng'ono wanga ndipo ndiyomveka bwinoko kale. Ndapanga High-Pass ndi Notch pa 100, mmmm uja wachoka pafupifupi yense, Noise Reduction ndasiyira pa 8. Eko ilipobe koma vesi yomwe amawerenga ndikuimva tsopano, mayi amvera usiku uno anangokhala duu mpaka kumapeto kenako akuti ndibwereze. Funso lomaliza, ndisunge ngati WAV kapena MP3?

wa_pamikisa:
Zonse ziwiri achimwene. WAV ikhale yosunga pakhomo, ya mono 44.1 kHz 16 bit imadya cha m'ma 5 MB pa mphindi nde mphindi 40 ndi 200 MB, ikani pa flash ija pamodzi ndi yoyambirira yosakhudza. Ya achemwali pangani MP3 ya mono 96 kbps, siifika 30 MB, ndipo pa WhatsApp itumizeni ngati Document ifike momwe ilili. Musanatumize imvereni pa kasipika ka foni osati pa mahedifoni okha, iwo akamvera pa foni. Ndipo kafunseni anyamata a zokuzira mawu kutchalitchi kwanu, ena timajambula kuchokera pa mikisa nkungosunga mu flash osauza munthu, mwina tsiku limenelo lilipo.