Ndalama tasonkha zija: chipinda cha madrasa kapena kanyumba ka mbiri?

Wapampando: Asalaam alaikum abale nonse. Paja tinati sabata ino timalize nkhani ya ndalama zija. Maganizo alipo awiri, ena akuti tionjezere chipinda pa madrasa poti ana achuluka, ena akuti timange kanyumba kosungiramo mbiri ya Chisilamu kwathu kuno kwa Makanjira. Lankhulani momasuka koma mwaulemu chonde.

Aphunzitsi opuma: Wa alaikum salaam bwana tcheya. Ine ndili pa kanyumba ka mbiri ndipo sindikubisa. Funsani mwana wa fomu 4 kuti Chisilamu chinafika bwanji kuno angokuyang'anani. Sadziwa kuti Jumbe Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, sadziwa kuti mfumu yathu Makanjira inalowa Chisilamu cha m'ma 1870 ndipo inali m'gulu la mafumu oyamba a Chiyao kutero, kenako a Mponda ndi a Jalasi. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda anapita mpaka ku Kilwa, ku Tanzania, kukaphunzira nkubwera kudzaphunzitsa kunoko, wophunzira wawo Shehe Thabit Ngaunje nkupitiriza. Izi zinachitikira pa dothi lomweli tikupondali. Koma mlendo akabwera timangomulozera Fort Maguire, dzina la mzungu amene anafa pa nkhondo yolimbana ndi Makanjira mu 1891. Dzina lake lilipo pa mapu, a mashehe athu ali kuti?

Mayi a komiti ya madrasa: Aphunzitsi mwalankhula zoona ndipo mtima wanga wagunda, koma tabwerani Loweruka mmawa mudzaone nokha. Chipinda chimodzi chija chimadzaza mpaka pakhomo, ang'onoang'ono timawakhazika pansi pa mango pa masaka. Juzu imodzi, kabuku ka gawo la Qur'an, ana atatu agwirizira, wapakati ndi amene akuona bwino. Mvula ikangoyamba mwalimu amasonkhanitsa mabuku mu jumbo nkuuza ana kuti thamangani kwanu, tsiku latha choncho. Ine ndimapita kunyumba ndikulira mumtima.

Achimwene a ku Joni: Ine ndili mbali ya mayiwa. Komanso tikuchuluka heve, a kalembera aja amatichepetsa dala, zoti tili 13 pa 100 ine sindimakhulupilira olo pang'ono, pitani ku Mangochi boma Lachisanu muone mizikiti mmene imadzadzira mpaka panja

Msungichuma: Achimwene Mangochi si Malawi yense. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, Asilamu 13.8 pa 100 aliwonse, ndie kuti pafupifupi 2.4 miliyoni. Kuno ku Mangochi ndi oposa 70 pa 100, ku Machinga nakonso ambiri ndi ife, nchifukwa chake kwa inu zimaoneka ngati dziko lonse lili choncho. Koma mukakwera basi kupita ku Mzimba kapena ku Chitipa mudzayenda mtunda osaona mzikiti. Ndikudziwa atsogoleri ena amatsutsa nambalayi, koma pa nkhani yathuyi tisakangane, chimene chadzaza chipinda chija ndi ana obadwa mmakomo mwathu momwemu ndipo chaka chamawa abweranso ena.

Achimwene a ku Joni: Chabwino bwana, koma mfundo yanga ikadali pomwepo, simenti ipite ku ana

Aphunzitsi opuma: Sindikukana za ana. Koma mukudziwa chifukwa chake dera lathu linatsalira pa sukulu? Nthawi ya atsamunda masukulu ambiri anali a mishoni, makolo athu amaopa kuti mwana akapita kumeneko akabatizidwa nkusintha dzina, nde amangomusiya ku madrasa. Bambo anga omwe anandibisa zaka ziwiri ndisanayambe sitandade 1. Sanali opusa ayi, amateteza chimene anali nacho. Mwana akamva nkhani imeneyi amamvetsa kuti lero atha kugwira Qur'an ndi buku la masamu limodzi, paja mu 1994 Msilamu Bakili Muluzi anakhala pulezidenti wa dziko lino. Anganga amene amadziwa sikiri yakale, kuimba kotamanda Allah kuja, ndi mmene magulu a Asilamu a Kadiriya ndi a Sukuti anasiyanirana pa za maliro atsala ochepa, chaka chatha chokha taika awiri.

Chemwali a ku Leicester: Pepani ndalowa mochedwa ndinali ku shifiti. Funso langa ndi loti mbiriyo ikufunikadi nyumba panopa? Foni ya mtundu uliwonse imajambula mawu. Tipeze anyamata awiri azizungulira ndi aphunzitsi kwa agogowo, azijambula mu Chiyao momwemo, wina nkumasulira mu Chichewa. Ya mafuta a njinga yamoto ndi bando ndipereka ine padera, sikhudza thumba la gulu.

Mayi a komiti ya madrasa: Eee chemwali Allah akudalitseni. Ndipo chipinda chatsopanocho tikhoza kuika kabati ya loko pakona, zolembazo nkumasungamo, ana nkumawerengeredwa akamaliza sabaki, phunziro la tsikulo.

Aphunzitsi opuma: Kabati si zimene ndimalota, ndinene chilungamo. Koma ngati kujambulako kuyambe mwezi uno osati mawa mawa, ndivomera. Pali gogo wina kumtunda uko akudwaladwala, tiyambire kwa iyeyo.

Wapampando: Ndamva. Tivote mpaka Lachinayi usiku, lembani 1 ngati mukufuna chipinda ndi kabati, 2 ngati mukufuna kanyumba ka mbiri. A msungichuma mutitumizire mtengo wa simenti ndi malata tisanavote, aphunzitsi inu mutipatse tsiku loti anyamata akupezeni.