Mwala wa obadwa mu Meyi, nigule kapena nisiye?

Wa_ku_Kapata:
Abale thandizeni. Amayi a kunyumba anabadwa mu Meyi ndipo mwana wathu anawerenga pa foni kuti mwala wa mwezi umenewu ni emerald, manje nifuna niwagulire mphete chifukwa pa ukwati wathu sininakwanitse ndipo zimaniwawa mpaka lero. Kuli mkulu wina wanionetsa kamwala kobiriwira, mkati koyera ngati madzi, akuti kachokera ku Lundazi, afuna K1,500. Ni weniweni kodi?

Mwana_wa_Lundazi:
Achimwene gwirani kaye thumba. Ine nakulira ku Lundazi, kwathu miyala yodziwika ni aquamarine na tourmaline. Aquamarine ni m'bale wake wa emerald zoona, yonse ni ya banja limodzi la miyala lotchedwa beryl, koma iyo ni ya buluu ndipo ni ya obadwa mu Malichi. Emerald wa dziko lino la Zambia amakumbidwa ku Lufwanyama ku Copperbelt, kuja kuli mgodi wa Kagem. Tourmaline wobiriwira aliko, mwina ni amene akuonetsani, ni wokongola naye koma asakugulitseni pa dzina la wina.

Anachisale_Katete:
Chanidetsa nkhawa ine ni choti mwati mkati ni moyera. Emerald weniweni kawirikawiri amakhala na timing'alu na tizitsotso mkati, amakula nato pansi pomwepo, ndiye wopanda chilema ni wosowa kwambiri, sangayende m'thumba la munthu pa K1,500 ayi. Pezani kagalasi kokulitsa zinthu muyang'ane, mukaona timathovu tozungulira dziwani ni botolo. Amalume anga anagulapo chidutswa cha botolo chosemedwa bwino bwino, ndalama za chimanga cha chaka chonse zinapita, sanagone sabata yathunthu.
China, ngakhale mutapeza weniweni muwauze alamu azivula pochapa na potsuka mbale. Pa kulimba ali pa 7.5 mpaka 8 pomwe dayamondi ali pa 10, sakandika msanga koma akagunda pa mtondo amatha kusweka chifukwa cha timing'alu tija. Ogulitsa amathiramo timafuta kuti ming'alu isaoneke, madzi otentha na sopo wamphamvu zimachotsa.

Mwana_wa_Lundazi:
Pa mtengo chachikulu ni mtundu, osati kukula chabe. Kubiriwira kuja kumabwera na chromium na vanadium, mitundu ya zitsulo zopezeka mu mwalawo, ndiye wathu wa Zambia ali na kabuluu pang'ono chifukwa cha chitsulo, pamenepo mpomwe asiyanira na wa ku Colombia. Mukumbuka ma emerald akuluakulu aja, Inkalamu wa 2018, wolemera makarati 5,655, na Chipembele wa 2021, makarati 7,525? Yonse inachokera ku Kagem. Ine zimaninyaditsa, ngakhale ambiri a ife sitinaugwirepo m'manja. Kamwala kang'ono kakupsa mtundu kamaposa chimwala chachikulu chotuwa.

Wa_ku_Kapata:
Zikomo nonse. Namuuza mkulu uja kuti tipite limodzi kwa odziwa kuyeza miyala, wayankha kuti ali na ulendo wa ku Mwami mawa m'mawa. Nisunga ndalama mpaka nikapite ku Lusaka, kang'ono kokhala na pepala lake lotsimikiza kuti ni keni keni kanikwanira. Meyi akali patali.